Nyumba yoti mudzaigulitse osalira mu Blantyre muno: kumayadi, Chitawira, Ndirande kapena puloti ya ku Mpemba?

Ambirife tikamagula kapena kumanga nyumba timangoganiza zoti tidzakalambira momwemo, ana adzatsala nayo, nkhani yatha. Koma moyo wa m'tauni suyenda choncho abale anga. Ntchito imakusamutsa kupita ku Lilongwe, mwana amafuna fizi, matenda amabwera osagogoda, bizinesi imafuna mpamba, kapena ana omwewo inu mukadzapita adzafuna kugawana ndalama osati zipinda. Nde tsiku limenelo funso limakhala limodzi basi, kodi alipo munthu amene angaigule nyumbayi msanga komanso pamtengo woti simukulira? Ine maganizo anga ndi oti musanapereke olo tambala muyambe mwamuganizira munthu amene adzagule kwa inuyo. Ndi ndani, ndalama adzazitenga kuti, ndipo akadzafika pageti adzaopa chani. Madera onse amene nditchule pano ndikuwayeza ndi munthu ameneyo.

Tiyambe ndi kwacha chifukwa ikunamiza anthu ambiri. Mu May 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25%, kenako mu November 2023 ndi 44%, dola imodzi ku banki inachoka cha pa K1,180 kufika cha pa K1,700. Chichokereni pamenepo aliyense amene ali ndi nyumba amati yanga inakwera mtengo, ndipo nzoona nambala inakwera. Koma tiyerekeze munagula pa K30 miliyoni lero mwagulitsa pa K45 miliyoni, musanasangalale pitani kaye ku hardware mukafunse thumba la simenti, malata, zitsulo, matailosi, mubwere mundiuze ngati ndalamayo ingamangenso nyumba yofanana ndi imene mwagulitsayo. Nthawi zambiri siyingamange. Ndiye nyumba yabwino kugulitsanso si yongokwera nambala ayi, ndi imene mtengo wake ukuthamanga kuposa simenti, komanso yoti mukaika chikwangwani simutha chaka chathunthu mukuyankha mafoni a anthu ongofunsa.

Chinthu chimene chimasiyanitsa nyumba za mu Blantyre kuposa china chilichonse ndi mapepala. Nyumba yopanda title deed ili ngati galimoto yopanda blue book, imayenda bwinobwino koma tsiku logulitsa ogula enieni amabwerera m'mbuyo. Chifukwa chake nchosavuta kumva. Munthu wapantchito amene akufuna nyumba ya mamiliyoni ambiri sayenda ndi ndalama m'chikwama, amapita ku National Bank, Standard Bank, NBS kapena FDH kukatenga ngongole ya nyumba, ndipo banki imafuna title yoti iyikepo chikole, imatumanso valuer wake, katswiri woyeza mtengo wa nyumba, kuti akaone. Ngati inu muli ndi kalata ya amfumu yokha ndi ka pepala kosainirana ndi mboni ziwiri, anthu onse a ngongole aja mwawataya, mwatsala ndi a kashi okhaokha, ndipo wa kashi amadziwa kuti mulibe kolowera nde amakugwetsani mtengo mmene akufunira.

Mapepalawo ali mitundumitundu. Pali freehold, malo ako mpaka kalekale opanda malire a zaka, imene imapezeka kwambiri m'madera akale ndipo ndi yochepa. Pali lizi, nthawi zambiri ya zaka 99 pa malo okhala anthu, yochokera ku unduna wa za malo, ku Malawi Housing Corporation (MHC) kapena ku khonsolo ya mzinda, ndipo pa lizi pamakhala ground rent yolipira chaka ndi chaka. Lizi funsani kuti inayamba liti ndipo kwatsala zaka zingati, chifukwa wodzagula kwa inu adzafunsa zomwezo. Palinso offer letter, kalata yongokuuzani kuti akufuna kukupatsani malowo, imene anthu ambiri amaitenga ngati title pomwe ndi chiyambi chabe cha ulendo. Kenako pali malo a makolo a kwa mfumu. Lamulo la Customary Land Act la 2016 linatsegula njira yoti malo oterewa azilembetsedwa, koma pokhapokha kulembetsako kutachitika ndi pamene muli ndi chinthu chogwirika, lonjezo loti tidzapanga mapepala si pepala.

Tsopano madera. Kumayadi, kunena Namiwawa, Nyambadwe, Sunnyside, Mount Pleasant, Mandala, Kabula, uku nde kumene aliyense amalota. Ubwino wake waukulu si nyumbazo ayi, ndi malo. Mapuloti akuluakulu pafupi ndi tauni ngati amenewa sakupangidwanso, mzinda unadzadza kalekale, kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 800,000 mu mzinda muno ndipo chiwerengero sichinaime pamenepo. Mukayenda ku Mandala kapena Sunnyside muona nyumba zambiri zinasanduka maofesi, makiliniki, malo ogona alendo, sukulu za mkaka, kutanthauza kuti ogula kumeneko si mabanja okha, makampani ndi mabungwe nawonso amalimbirana. Ena amagula nyumba yakale nkumanga matauni hausi anayi kuseri. Mtengo wa malo otere sugwa wamba.

Koma vuto la kumayadi ndi loti anthu okwanitsa kugula ndi ochepa kwambiri. Mukafuna ndalama mwachangu, mwina wodwala akufunika kupita ku India kapena ku Joni, nyumba ya mtengo umenewo siyigulika sabata imodzi, mutha kudikira miyezi ndi miyezi, ndipo mukathamanga mugulitsa motchipa kwa munthu amene waona kuti mwapanikizika. Zambiri mwa nyumbazi ndi zakalekale, mawaya a magetsi akale, mapaipi achitsulo odzimbira, denga lina la asbestos, nde wogula amachotsera zonsezo pamtengo. Pamwamba pake city rates, mlonda, wosamalira pabwalo, mpanda wautali woti uzikonzedwa. Ngati ndalama muli nazo zoti simudzazifuna msanga, gulani, simudzanong'oneza bondo. Koma ngati ndi chuma chanu chonse cha penshoni, ine sindingakulimbikitseni kuchiika pa nyumba imodzi yoti ogula ake mutha kuwawerenga ndi zala.

Kumene mtima wanga uli ndi madera apakatikati aja, Chitawira, Naperi, Nkolokosa, Kanjedza, Chinyonga, Soche East, mbali zina za Manja. Ambiri mwa madera amenewa anamangidwa ndi MHC, imene inakhazikitsidwa mu 1964, nde anayamba ndi pulani, misewu inadulidwa kale, mapuloti ali ndi manambala, madzi ndi magetsi zinafika kale. Koma chachikulu taonani zimene zawazungulira. Chipatala cha Queens chili pompo, yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS ili pompo, MUBAS imene kale tinkati Poly ili pompo, Chichiri, Ginnery Corner, maofesi a boma, makhothi, ndipo wa ku Kanjedza kapena Chinyonga Limbe ndi pakhomo. Munthu atha kuyenda wapansi kapena kukwera minibasi imodzi kupita kuntchito, ndipo mmene mafuta akuvutira ndi kukwera mtengo zaka zimenezi, nkhani ya thiransipoti anthu akuiwerengera kwambiri posankha pokhala.

Nde taganizirani amene angagule nyumba ya zipinda zitatu ku Chitawira. Namwino, dokotala wachinyamata, mphunzitsi wa ku yunivesite, wogwira ntchito ku banki, wabizinesi wa ku Limbe, mbale wathu amene ali ku UK kapena ku Ireland akufuna poti aziikapo alendi, ngakhale munthu wofuna kupanga hostel ya ana asukulu. Gulu limenelo ndi lalikulu, ndipo ambiri mwa iwo banki imawakhulupirira. Komanso pamene mukudikira wogula nyumbayo siyikhala yopanda munthu, alendi amachita kulimbirana, wina akutuluka wina wapereka kale miyezi itatu. Imeneyi nde nyumba imene ndimati yogulitsika, yoti olo zinthu zitavuta bwanji mdziko muno wina adzaifunabe.

Zoipa zake ziliponso ndipo ndisakubisireni. Mapuloti ndi ang'onoang'ono, nyumba zina ndi zogundizana khoma limodzi ndi aneba, poimika galimoto pamavuta. Eni ake ambiri anawonjezera zipinda, boyizikota, ka shopu kutsogolo, popanda pulani yovomerezeka ndi khonsolo, ndipo ena anamanga pamwamba pa paipi ya suweji kapena kulowa mumsewu. Zimenezo valuer wa banki amaziona. Ndipo chenjerani kwambiri ndi ichi, si aliyense wokhala m'nyumba ya MHC amene ndi mwini wake. Ena ndi alendi chabe a MHC, akakuuzani kuti akugulitsa ndiye kuti akukugulitsani kiyi, nyumba ikadali ya bungwe. Pitani ku ofesi ya MHC nokha ndi nambala ya puloti mukafunse kuti nyumbayi ili m'dzina la ndani, inagulidwa yonse kapena ayi, pali ngongole yanji. Safunsa anadya phula, ndipo pa nyumba phula lake ndi la mamiliyoni.

Kenako malokeshoni athu, Ndirande, Bangwe, Zingwangwa, Chilomoni, Mbayani, Chirimba, Chilobwe. Anthu ena amanyoza koma kumeneku ndalama ya lendi imazungulira kwambiri. Mdadada wa zitseko zisanu pafupi ndi msika wa Ndirande kapena pafupi ndi mafakitale a ku Makata ndi Chirimba sukhala wopanda anthu, ndipo chifukwa mtengo wake ndi wotsika ogula a kashi amapezeka msanga. Kungoti dzina la dera lokha silikuuzani kanthu. Mu Ndirande momwemo muli New Lines yokhala ndi misewu yake, mulinso malo oti kuti mufike pakhomo mudutse pabafa pa anthu atatu. Madera ena mwa amenewa anayamba ngati ma THA (Traditional Housing Areas), mapuloti oyezedwa amene anali m'manja mwa MHC kenako anapita ku khonsolo, pomwe mbali zina anthu anangokhala okha popanda woyeza. Puloti ya nambala yoti galimoto imafika pageti, imeneyo gulani. Yopanda njira, malire ake ndi mtengo wa mapeyala ndi mawu a agogo ena ake, imeneyo lendi mudya koma pogulitsa mudzavutika, ndipo musayerekeze kumangapo nyumba yodula chifukwa mtengo wa nyumba sungapitirire kwambiri mitengo ya nyumba zoizungulira.

Pamene anthu ambiri akuthamangira masiku ano ndi kunja kwa tauni, Machinjiri, Chileka, Lunzu, Mpemba, Chigumula, Mapanga, mpaka Njuli ndi Bvumbwe. Apa nde pofunika kukhalitsapo chifukwa ndi pamene anthu akupindula kwambiri komanso ndi pamene akulira kwambiri. Mzinda ukukula motsata misewu yake, wa M1 wopita ku Lunzu ndi Zalewa, wa ku bwalo la ndege la Chileka, wa ku Zomba, wa ku Thyolo kudzera ku Chigumula, wa Midima wopita ku Mulanje, ndi wa ku Chikwawa kudzera ku Mpemba. Amene anagula malo kufupi ndi misewu imeneyi kudakali tchire lero akumwetulira. Koma mawu ofunika ndi akuti kufupi ndi msewu. Puloti ya mamita 300 kuchokera pa tala ndi puloti ya makilomita 5 mkati kuwoloka mtsinje wopanda mlatho, onse amati ndi ku Mpemba, pa Facebook amalemba chimodzimodzi, koma tsogolo lawo ndi losiyana kutalitali.

Chigumula kumazizira bwino, chiperoni chikabwera nde mudziwa, nthaka yabwino, ndipo kwamangidwa nyumba zambiri zapamwamba moti ogula amene alephera mitengo ya Namiwawa amayang'ana kumeneko. Chileka ndi kotsika komanso kotentha, malo ake ndi athyathyathya osavuta kumanga, bwalo la ndege lili konko ndipo njira yolowera m'tauni kudzera pa Kameza ndi Magalasi ndi yodziwika, koma funsani bwino za malo oyandikana ndi bwalo la ndege chifukwa si paliponse pololedwa kumanga. Machinjiri ndi yaikulu kwambiri, ma Area ena ndi oyezedwa bwino okhala ndi mapepala, ena ndi a kwa mfumu, ndipo msewu wolowera kwanu nthawi ya mvula ndi umene udzanene mtengo. Lunzu ili ndi msika waukulu komanso M1, nde nyumba kapena malo a bizinesi m'mbali mwa msewu ndi chuma. Mpemba malo akadalipo ambiri ndipo mitengo ndi yofikirika, kungoti ambiri mwa malowo ndi a makolo, kwa T/A Somba, monga mmene mbali ya Lunzu ilili kwa T/A Kapeni.

Pa malo a kwa mfumu vuto lodziwika ndi kugulitsa pawiri. Malume agulitsa, mphwake akubwera kuchokera ku Joni akuti munda umenewu ndi wa amayi anga, ndipo kuno kum'mwera kumene malo ambiri amayendera kuchikazi mawu amenewo amalemera. Kapena munthu mmodzi wagulitsa puloti yomweyo kwa anthu atatu, amene wayamba kuthira maziko ndi amene akuoneka mwini. Ngati mwasankha njira imeneyi musagule kwa munthu mmodzi mseri, banja lonse likhalepo makamaka azimayi a pamalopo, amfumu akhalepo, aneba a mbali zonse zinayi aloze malire, kenako itanani saveya aike mabikoni ndipo muyambe za mapepala pompopompo musanagule olo njerwa imodzi. Anthu amaona ngati ndalama ya saveya ndi ya ku Lands ndi yotaya, amati bola ndigule malata. Ine ndimati ndalama imeneyo ndi imene imabweza phindu kuposa ina iliyonse pa nyumba yonseyo. Makampani ogulitsa mapuloti olipira pang'onopang'ono aja nawonso afunseni title ya malo onsewo komanso pulani yogawa mapuloti yovomerezeka, muone ndi maso anu, osati chithunzi cha pa WhatsApp.

China chimene chinasintha maganizo a ogula mu Blantyre ndi namondwe wa Freddy mu March 2023. Tonse tikukumbuka zimene zinachitika ku Chilobwe ndi mbali ya Manja pamene matope ndi miyala zinatsika kuchokera m'phiri la Soche usiku, nyumba zinapita, anthu mazanamazana anatisiya m'chigawo chino. Sindikunena izi mopepuka, mabanja ambiri mpaka lero sanachire. Kale nyumba ya m'phiri anthu ankaitama kuti ukuona tauni yonse, pano wogula wanzeru amayang'ana kumtunda kaye, kodi pamwamba panga pali chani, mitengo ilipo kapena phiri linametedwa, madzi akatsika amadutsa pati. Zomwezonso ndi nyumba za m'mphepete mwa Mudi, Naperi, Nasolo, Likhubula ndi timitsinje tina tooneka touma mu October. Malo a m'mapiri a Soche, Ndirande, Bangwe ndi Mpingwe amene ali m'dera loletsedwa kumanga, olo akhale otchipa bwanji asiyeni, pamenepo nkhani si ya mtengo wogulitsira yokha, ndi moyo wa ana anu.

Madzi nawo. Ambiri a mu mzinda muno amachokera ku Walker's Ferry pa Shire, amachita kupopedwa mtunda wautali kukwera chitunda mpaka kufika kuno, ena ochepa ku damu la Mudi, ndipo kenako anawonjezera ochokera ku Likhubula wina wa ku Mulanje amene amadzera ku Nguludi kuthandiza mbali ya kum'mawa. Popeza ndi opopa, magetsi akavuta madzinso amavuta, ndipo nyumba za pamtunda kwambiri kapena za kumapeto kwa paipi ndi zimene zimayamba kuuma. Musafunse mwini nyumba kapena ejenti za madzi, adzati amatuluka daily. Funsani mayi amene akuchapa pa nyumba yoyandikana nayo, kapena ingowerengani zigubu ndi madiramu amene ali pakhonde la aneba. Nyumba yokhala ndi thanki pamwamba, mita yakeyake ya Water Board ndi mita yakeyake ya ESCOM imagulika msanga kuposa yokongola yoti magetsi anakoka kwa aneba, ndipo kumalo atsopano funsani kuti pholo yomaliza ya magetsi ili patali bwanji chifukwa kudikira kulumikizidwa kutha kukutengerani nthawi yaitali.

Nanga kugula yomangidwa kale, kumanga nokha, kapena kungosunga puloti? Puloti yokha ndi yotchipa kuisunga, siyidontha, siyifuna penti, koma imafuna maso, mukaisiya zaka osapitako mupeza wina walimapo chimanga kapena wasuntha bikoni, ndipo ngati ndi ya lizi mumakhala lamulo loti mumange m'nthawi yoikika apo ayi eni malo atha kuilanda. Nyumba yosatha, ija yofika pa windo kapena pa ring beam, ndiyo yoipitsitsa kugulitsa, wogula sakhulupirira maziko amene sanawaone ndipo pulani yanu mwina sakuikonda, nde amakulipirani ngati akugula malo okha, simenti yanu yonse yapita. Ngati ndalama ndi zochepa bola kumanga yaing'ono nkuimaliza. Kugula yakale pamalo abwino nkuikonza pang'ono, denga, mawaya, bafa, khitchini, penti, kwa ine imeneyi ndi njira imene imabweza bwino kwambiri, chifukwa malo simungawasinthe koma bafa mutha kusintha mwezi umodzi.

Pomanga nokha pali matenda amodzi amene ndimawaona kwambiri ku Chileka, ku Machinjiri ndi ku Mpemba, chinyumba cha zipinda 6 kapena 7, mapilala kutsogolo, denga la makona khumi, masitepe opita m'mwamba, chili pakati pa minda msewu wake wafumbi. Mwini wake waika moyo wake wonse mmenemo ndipo ndimamumvetsa, tonse timafuna chooneka. Koma munthu wokwanitsa kugula nyumba ya mtengo umenewo safuna kukhala kumeneko, ndipo wofuna kukhala kumeneko sangakwanitse mtengowo. Pamapeto imagulitsidwa pansi pa ndalama zimene zinalowa. Ndalama yomweyo mukanamanga nyumba ziwiri za zipinda zitatu, kapena semi-detached, iliyonse ndi mita yake ndi geti lake, bwenzi mukudya lendi kwinaku muli ndi mwayi wogulitsa imodzi nkutsala ndi inayo.

Zimene ogula a kuno amafuna sizovuta. Zipinda zitatu, chachikulu chikhale ndi bafa ndi chimbudzi chake, khitchini yoti munthu atembenukemo komanso ka khonde kakuseri kophikirapo pa mbaula magetsi akazima, mpanda wa njerwa kapena mabuloko ndi geti loti galimoto ilowe, malo oimika galimoto ziwiri, boyizikota yoti itha kukhala ya lendi, mabagala m'mawindo, ngalande zotulutsa madzi a mvula. Malata a IBR abwino osati opyapyala aja ochita dzimbiri zaka zitatu. Matailosi ndi penti sankhani zosakuwa, zimene inu mukuti ndi sitayilo wina adzaziwerengera ndalama yogumula. Ndipo siyani malo pabwalo, osadzadza puloti yonse ndi nyumba, wogula amasangalala akaona poti adzawonjezere yekha kapena kudzala masamba.

Nyumba za masiye zimabwera pamsika motchipa ndipo zimakopa. Samalani nazo. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana, ndipo amene angagulitse ndi yekhayo amene ali ndi mphamvu yochokera ku khothi, kaya kudzera mu wilo kapena ma letters of administration, makalata a khothi opatsa munthu mphamvu yoyendetsa chuma cha womwalira. Mwana woyamba kubadwa kapena malume sakhala ndi mphamvu imeneyo chifukwa cha ukulu chabe. Mukagula kwa munthu wolakwika mudzakhala mukuyenda ku High Court zaka, ndipo nyumba imene ili pa mlandu palibe angaigule kwa inu. Kupatula za malamulo, kugula nyumba imene ana amasiye akuthamangitsidwamo si chinthu choti munthu ugone nacho tulo.

Ma ejenti alipo abwino olembetsedwa, alinso madobadoba ongoyenda ndi zithunzi m'foni amene amaika yawo pamwamba pa mtengo wa mwini, moti nyumba imodzi mumaipeza pa mitengo itatu m'magulu atatu a WhatsApp. Limbikirani kukumana ndi mwini wake weniweni, dzina la pa chitupa chake lifanane ndi la pa title. Pezani loya wanu osati wa wogulitsa, akapange search ku Lands kuti muone ngati nyumbayo ili pa chikole ku banki kapena wina anaikapo caution, chenjezo loletsa kusintha umwini. Valuer wanunso akuuzeni mtengo weniweni, chifukwa phindu la pogulitsa limayambira pa mtengo umene mwagulira, mukagula modula mwadya kale phindu lanu la zaka zisanu. Ndalama ziyende kudzera ku banki, ndipo gawo lalikulu lituluke pamene chilolezo chosinthira umwini chapezeka, za MRA ndi stamp duty zili m'njira, komanso mwaona kuti city rates, ground rent ndi bilu ya madzi zilibe ngongole, chifukwa ngongole zimenezo zimatsala panyumba ndipo mudzazilipira ndinu.

Ndiye mukandifunsa kuti pa zonsezi ndisankhe iti, ndinena motere. Wa ndalama zambiri zosafuna changu, kumayadi. Wa ndalama zapakati amene akufuna chinthu choti tsiku lililonse atha kuchisandutsa ndalama, nyumba ya zipinda zitatu ya title ku Chitawira, Naperi, Nkolokosa, Kanjedza kapena Chinyonga, olo ikhale yakale yofuna kukonza, ndipo imeneyi ndi imene ineyo ndingatenge. Wachinyamata amene ali ndi zaka zodikira, puloti ya kufupi ndi tala ku Chigumula, Chileka, Lunzu kapena Mpemba, mapepala kaye kenako nyumba yaing'ono yomaliza. Wofuna lendi ya mwezi ndi mwezi, mdadada wa pa puloti ya nambala mu lokeshoni, pofika galimoto.

Kulikonse kumene mwasankha, kaoneni malowo mu January kapena February mvula ili pakati, osati mu September pamene msewu uliwonse umaoneka bwino. Pitani m'mawa nthawi yopita kuntchito muone kuti minibasi kapena kabaza akutenga nthawi yaitali bwanji kufika ku Limbe kapena m'tauni, mubwererenso madzulo mumve phokoso, mwina kuseri kuli bala kapena chigayo. Yang'anani makoma m'munsi ngati akunyowa, ming'alu yodutsa pakona ya windo, siling'i yothimbirira, chimbudzi ngati chili pa suweji kapena septic tank ndipo ili pati. Mukagula, tsegulani fayilo tsiku lomwelo, muziikamo title, pulani yodindidwa ndi khonsolo, mapepala a saveya, malisiti a ground rent ndi city rates chaka chilichonse, ngakhale malisiti a zimene mwakonza, ndipo akunyumba kwanu adziwe pamene fayiloyo ikukhala.